Musathamangire kufufuta Windows, yambani mwaona wotchi

Akonzi,

Zikutiwawa kuona m'maofesi ena muno mu Zomba anthu akufufuta Windows yonse chifukwa choti malamulo a Group Policy (oyendetsera makompyuta onse a mu ofesi) ochokera ku seva sakufika pa kompyuta. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono.

Anzathu, yambani ndi wotchi. Magetsi akathima, kompyuta yakale imene kabatire kake ka CR2032 (kosunga nthawi) kanatha mphamvu imadzuka ndi tsiku lolakwika. Nthawi ikasiyana ndi ya seva kupitirira mphindi 5, Kerberos (njira imene seva imatsimikizira kompyuta ndi woigwiritsa ntchito) imakana, malamulo osalowa. Sinthani kabatireko, sikadula.

Kenako DNS, imene imathandiza kompyuta kupeza seva ndi dzina lake. Lembani ipconfig /all mu Command Prompt (mmene timalembamo malamulo mu Windows). Mukapeza 8.8.8.8 (DNS ya Google) pamalo pa adilesi ya domain controller, seva imene imapereka malamulowo, gwero lake ndi lomwelo. Wina amaiika poganiza kuti intaneti ithamanga, osadziwa kuti kompyutayo siipezanso SYSVOL kumene malamulowo amasungidwa.

Mukakonza, lembani gpupdate /force m'malo modikira mphindi 90 zimene kompyuta imadikira payokha. Lamulo la gpresult /r likuonetsani malamulo amene alowa ndi amene akanidwa. Ngati akanidwa kapena sakuoneka, onani ngati kompyutayo ili mu OU (gulu limene yaikidwamo pa seva) yoyenera, komanso ngati Authenticated Users (gulu la anthu ndi makompyuta onse otsimikizidwa ndi seva) ili ndi chilolezo cha Read chowerengera malamulowo, chomwe chakhala chofunika kuyambira mu 2016.

Okonza makompyuta,
Zomba