Kalata yotseguka kwa mkulu woyang'anira mankhwala m'zipatala za dera lathu

Bwana,

Landirani moni. Ndakulemberani kawiri mwakachetechete, kachitatu ndinafika ku ofesi kwanu n'kuuzidwa kuti muli ku msonkhano. Lero ndalemba poyera.

Mpongozi wanga anachira usiku pa chipatala chaching'ono kuno ku Harare, magetsi atazima kuyambira m'mawa. Mwana analira bwinobwino, koma mayi wake magazi osaleka. Anamubaya oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero kuti magazi aleke, koma chiberekero osalimba. Ine ndinakalambira pa unamwino, choncho ndinapita kukagwira filiji ya mankhwala: mkati mofunda ngati madzi osamba. Zitenje zitatu zinanyowa tikudikira ambulansi, namwino akusisita mimba mpaka manja kunjenjemera, ine nditawunikira ndi foni. Anapulumuka, koma mpaka lero akaweramira mtondo amaona chizungulire.

Inu ndinu ophunzira, mukudziwa. Oxytocin ndi kamkanda ka ma amino acid (tizidutswa topanga mapuloteni) 9, ndipo 6 mwa iwo analumikizana ngati chibangili. Wasayansi Vincent du Vigneaud anaupanga mu 1953. Umafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ukatenthedwa mphamvu imanka ichepa. Akatswiri anakonzanso chibangilicho n'kutulutsa carbetocin wosaopa kutentha, amene amakhala zaka 3 pa madigiri 30 popanda filiji. Anamuyesa pomuyerekeza ndi oxytocin pa amayi oposa 29,000 m'maiko 10, kuphatikizapo Kenya, Uganda ndi South Africa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linamuvomereza mu 2018, n'kumuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Nanga kwathu kuno wasochera pati?

Ndipotu mankhwala a zibangiliwa si achilendo kuno ku Africa. Mu 1960 dokotala Lorents Gran anapeza amayi a ku Congo akumwa masamba owiritsa kuti matenda a kubereka afulumire. Chibangili cha m'masambamo sichinkafa ndi moto. Dzina lake kalata B1. Kalata imeneyo inafika kutali, yanga ndiye ikukanika pa tebulo lanu.

Zina ndingotchula: magolovesi tikugula tokha, thonje lomwe, mafuta a jenereta kulibe. Sola ija munalonjeza pamaso pa amayi a Mvano, ife tikuwomba m'manja, tinaona chitsulo chokha padenga.

Sindikunyozani, bwana, ndatopa. Itanitsani carbetocin wosaopa kutentha ku chipinda chilichonse chochilira. Pamene tikudikira, filiji ikhale pa sola, ndipo kutentha kwake kuzilembedwa m'kaundula m'mawa ndi madzulo. Yankho lanu ndikaliwerenga pamaso pa amayi anawomba m'manja aja.

Ine,
Gogo wa ku Mufakose