Okonza ndi kugulitsa live centre zakale azinena zoona

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amisiri anzanga ogwira ntchito pa makina osemera zitsulo a lathe za kachida kotchedwa live centre. Aka ndi kachitsulo kosongoka kamene kamalowa ku tailstock (mbali ya makinawo yochirikiza kumapeto kwa chitsulo chosemedwa) n'kugwira kumapeto kwa shafti pamene ikusemedwa, ndipo nsonga yake imazungulira limodzi ndi shaftiyo chifukwa m'kati mwake muli mabering'i. Mashafti a zigayo amene anthu amatibweretsera amadalira kachida kameneka kuti atuluke owongoka.

Popeza ndalama zakunja zikusowa ndipo zida zatsopano zakwera mtengo, anthu ena ayamba kutola live centre zakale, kuzikonza ndi kuzigulitsanso. Ntchito imeneyi ndi yabwino, chifukwa nthawi zambiri amatha ndi mabering'i okha, thunthu lake ndi Morse taper (tsinde lake lomka licheperachepera limene limalowa mu tailstock) zikadali zolimba. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kakonzedwe kake.

Ena amangoitsuka ndi palafini, kuthiramo girisi watsopano, kunola nsonga ndi manja pa mwala wamagetsi mpaka iwale, basi n'kupita nayo kumsika. Komatu nsongayo iyenera kukhala ya madigiri 60 kuti ikhale bwino m'kabowo ka kumapeto kwa shafti, ndipo dzanja la munthu silingakwanitse muyeso umenewu. Komanso chitsulo chikatenthedwa ponola mpaka kuchita buluu, kulimba kwake kumakhala kwatha. Mmisiri wosamala amayamba wasintha mabering'i onse, kuphatikizapo amene amalandira mphamvu yokankha ya tailstock, amawamanga kuti pasakhale kugwedera, kenako amanola nsonga ikuzungulira pa mabering'i ake omwewo, chifukwa njira imeneyi ndi imene imachititsa kuti nsonga ikhale pakati penipeni. Akatero amayesa ndi dial gauge, kachida kooneka ngati wotchi koyezera kugwedera, ndipo muvi wake suyenera kusuntha kupitirira mamilimita 0.01 ngati chidacho n'cha ntchito yofuna muyeso weniweni.

Zimenezi zikalumphidwa, wovutika ndi mwini chigayo, amene shafti yake imatuluka ndi timizere, malo okhala mabering'i osalingana, ndipo pakangopita nthawi pang'ono chigayo chimayamba kunjenjemera.

Pempho langa n'lakuti wogulitsa azinena poyera zimene wasintha ndi zimene sanakhudze, ndiponso azilola wogula kuyesa chidacho pa makina ake asanalipire. Wogulayo ayang'ane ngati saizi ya taper yake ndi MT2 kapena MT3 molingana ndi makina ake, aone ngati ilibe zipsera, kenako azungulitse nsonga ndi zala; ikamamveka ngati muli mchenga kapena ikamagwedera, mabering'iwo sanasinthidwe kapena sanamangidwe bwino. Ndikupemphanso bungwe la TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja monga a Soche ndi Lilongwe kuti aziphunzitsa achinyamata kumasula, kukonza ndi kuyesa zida zimenezi, popeza ambiri akamaliza maphunziro amakagwira ntchito pa makina akale.

Mmisiri wa zitsulo,
Ndirande, Blantyre