Anthu a ku Nkhata Bay sanamire ndi sitima, anawomberedwa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe ndinamva pa wailesi ina m'mawa wa pa 3 Malichi. Dzina la wailesiyo sinditchula, eni ake akudzidziwa. Muulutsi wake, mnyamata wa mawu okoma ndithu, anatifunira tonse "holide yabwino", kenako n'kuuza dziko lonse kuti tikukumbukira abale athu amene anamira ndi sitima ku Nkhata Bay m'nthawi ya atsamunda. Anamira! Atatero anaika nyimbo yogwedeza chiuno, kenako malonda a malo ena omwera mowa oitanira anthu kuphwando la usiku wonse. Uku n'kuvina pa maliro a agogo ako, dzina la womwalirayo usakulidziwa n'komwe.

Mwanawe, sitima imene inamira ndi Vipya, mu 1946, kumtunda uko cha ku Chitimba, ndipo inapita ndi anthu 145. Imeneyo inali ngozi ya panyanja. Sitima ya ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959 inali Mpasa, ndipo sinamire. Inali chiimire padoko, m'kati mwake muli amuna a chipani cha Nyasaland African Congress amene boma linawagwira usiku kuti liwatengere kundende. Anthu atamva anakhamukira kudoko kukafuna abale awo. Asilikali achizungu a Royal Rhodesia Regiment anatsekula mfuti pa khamu lopanda mfuti. Lipoti la boma la Britain linawerenga anthu 20 ofera pamenepo, pomwe eni dera amati anaposa 30. Munthu wolandira malipiro chifukwa cholankhula pa wailesi angasokoneze bwanji chipolopolo ndi mafunde? Kodi pawailesipo palibe mkonzi? Kapena nayenso anali atapita kale kuphwando lija?

Ena anena kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono, lilime linangoterereka. Ayi. Mukanena kuti anamira, mwachotsa mlandu pa amene anawombera, mwaupereka kwa mphepo ya mwera. Ngakhale Bwanamkubwa Sir Robert Armitage mwiniwake, amene analengeza State of Emergency (lamulo lopatsa boma mphamvu zapadera, monga kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu) tsiku limenelo, sanayerekeze kunama bodza lotere. Iye ankati a Congress anapangana chiwembu chopha azungu, amwenye ndi mafumu. Pa chifukwa chimenecho Dr Kamuzu Banda anatengedwa kunyumba kwake ku Limbe n'kukatsekeredwa ku Gwelo, ku Southern Rhodesia, limodzi ndi Masauko Chipembere ndi Dunduzu Chisiza. Ena anawaunjika kumsasa wa akaidi wa Kanjedza ku Limbe, ena kundende ya Khami ku Southern Rhodesia. Omangidwa anaposa 1,300, ophedwa m'dziko lonse anakwana 51.

Ngati simukhulupirira ine nkhalamba, khulupirirani mzungu mnzawo. Woweruza milandu Patrick Devlin anatumidwa ndi boma la ku London kudzafufuza, ndipo mu Julaye 1959 analemba kuti Nyasaland wasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, komanso kuti umboni wa chiwembu chopha azungu onse chija sanaupeze. Boma la Harold Macmillan linachita manyazi, linakana mbali zina za lipotilo, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Iain Macleod atatenga unduna woona za maiko a atsamunda anatulutsa Kamuzu pa 1 Epulo 1960. Chisankho cha 1961 chinatsatira, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chija cha nduna yaikulu Roy Welensky, chimene Ngwazi inkachitcha chopusa, chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 mbendera yathu inakwera. Mnyamata uja ali ndi maikolofoni lero, osati khasu pa esiteti ya fodya, chifukwa cha magazi amene anakhetsedwa padoko lija. Malipiro ake ndi amenewa, kuwamiza m'nyanja pakamwa.

Komatu mlandu si wake yekha. Tinamuphunzitsa chiyani? Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira kuti pa 3 Malichi sunkagwira khasu, sunkaimba likhweru, MBC inkangoika nyimbo zachisoni tsiku lonse, ndipo Ayufi ankazungulira kufuna woseka. Sindikupempha kuti zimenezo zibwerere, zinali nkhanza. Ndipo nthawi imeneyonso mbiri inkadulidwa mutu ndi miyendo. Maina a Chipembere ndi Kanyama Chiume sankatchulika pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964. Chizolowezi chotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, chimene tinkalira nacho kwa Armitage, boma lathu lomwe linachitola n'kudzaza nacho ndende za Dzaleka ndi Mikuyu. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 Kamuzu ali m'ndende, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Tinachoka pokakamizidwa kulira n'kufika posadziwa chimene tikulirira, ndipo andale athu zikuwakomera, chifukwa munthu wosadziwa za 1959 sadabwa apolisi akamathira utsi wokhetsa misozi anthu ochita zionetsero.

Chaka ndi chaka akuluakulu amatsetserekera ku Nkhata Bay pa magalimoto akuluakulu, kuika nkhata za maluwa, kulonjeza zakuti zakuti, kudya chambo n'kubwerera ku Lilongwe. Taonani anzathu a ku Kenya. Tsiku lomwelo, 3 Malichi 1959, akaidi 11 anamenyedwa mpaka kufa kumsasa wa Hola. Iwo nkhani ya Mau Mau, gulu limene linkamenyera ufulu wawo, sanaigonere, anaitengera kukhoti ku London, ndipo mu 2013 Britain inavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni kwa anthu oposa 5,000 amene anazunzidwa. Ife mabanja a ku Nkhata Bay akhala akupempha chipepeso, koma tikafika nawo kuti ngati wailesi zathu zomwe zikuchitira umboni kuti panalibe wowombera? Loya wa Britain angongotenga tepi ya mnyamata uja n'kukaiika pamaso pa woweruza.

Pempho langa n'lalifupi. Wailesiyo ipepese pa ola lomwelo limene inanamira, ndipo iwerenge maina a ophedwawo limodzi ndi limodzi. A MACRA, amene mumapereka ziphaso, musamangotchera khutu pa otukwana andale okha. A Unduna wa Maphunziro, masulirani lipoti la Devlin m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chitumbuka, ana aziwerenga asanalembe mayeso a Fomu 4. Ndipo aulutsi, ku National Archives ku Zomba sikutali, minibasi zilipo.

Mphunzitsi wopuma,
Chintheche