Asanakucheke, aione kaye mitsemphayo

Mwana wanga,

Ndiye wati mkono watupanso mpaka mphete sikulowa, ndipo dokotala wa ku Johannesburg konko akuti akhoza kupanga opaleshoni mwezi wamawa. Ine sindikukuletsa ayi, ndalemba chifukwa pa foni paja umalira ndiye sitinamvane bwino. Ndikufunse ngati mayi ako komanso ngati namwino wopuma: mitsemphayo aiona kale kapena angokuuza mtengo basi?

Paja pochotsa bere lija anachotsanso tinthu ta m'khwapa, tija tikatupa timati mwanabere. Mmenemo ndi modutsa madzi a m'thupi aja amati lymph, ali ndi timitsempha taketake tosiyana ndi ta magazi. Njira ikaduka madziwo amangodikha mumkono ngati mmene zimakhalira ku mpunga ku Lifuwu ngalande ikatsekeka. Opaleshoni akukuuzayo, ya LVA, amatenga kamtsempha ka lymph kamene kakugwirabe ntchito nkukalumikiza ku kamtsempha ka magazi kuti madzi apeze kolowera, koma timitsemphato tambiri sitikwana ndi milimita imodzi yomwe, amasoka akuyang'ana pa maikulosikopu ndi ulusi wochepa kuposa tsitsi. Ndiye munthu angacheke bwanji asakudziwa kuti kamoyo kali pati?

Nchifukwa chake pali kuyeza kuja amati ICG. Amakubaya utoto wobiriwira pang'ono pakati pa zala, pansi pa khungu, kenako amaunika ndi kamera yake yapadera ndipo pa sikirini pamaoneka utotowo ukukwera ndi mkono iwe ukuona. Utotowo ukamayenda m'mizere yowongoka ndiye kuti mitsempha ilipo yamoyo, dokotala amalemba ndi cholembera pakhungu pomwepo malo oti adzacheke. Koma ukangomwazikana ngati timadontho kapena kuwala mkono wonse osaoneka mzere, pamenepo madzi akubwerera m'khungu, zinthu zapita patali. Ukauze nesi ngati ayodini amakuwenga, utotowo umakhala nayeko. Kameranso imeneyi imaona pamwamba pokha, sentimita imodzi kapena ziwiri, ndiye ngati mkono wanenepa kwambiri usadabwe akawonjezera njira zina zojambulira mkati mwa mkono, MRI kapena ultrasound, kapena ina ija ya lymphoscintigraphy. Si kukudyera ndalama kumeneko.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi chakuti wafooka mtima ndiye aliyense wonena kuti "tikuchiza" ukhoza kungomuvomera. Zithunzi zikaonetsa kuti mitsempha yabwino palibe, LVA ikhoza osakuthandiza, pamenepo amakamba zina, kusamutsa tamwanabere kuchokera malo ena a thupi, kapena kupopa mafuta ngati kutupako kwasanduka mafuta olimba. Dina ndi chala pamkonopo, kakamatsala kadzenje ndiye kuti madzi akadalimo ambiri. Funsa dokotalayo kuti wapangapo ma opaleshoni angati otere, ndipo anthu akewo anaphwa bwanji. Usachite manyazi, mkono ndi wako. Aphiri apite nawe akamve okha, asamangomva kwa iwe.

Kuno ku Salima nkhani yafika kale kwa azakhali ako, akuti ndi matenda aja otupitsa miyendo obwera ndi udzudzu, ena akuti pali dzanja la munthu ubwere akuteme mphini. Ndawakanira. Matenda a udzudzuwo WHO inalengeza mu 2020 kuti Malawi wathana nawo, ngakhale otupa kale alipobe, ndipo ako ndi a opaleshoni ya khansa basi. Mphini pamkono umenewo ayi ndithu, kabala kakang'ono kokha kamalowetsa tizilombo ndipo nthawi iliyonse mkono ukagwidwa choncho mitsempha yotsalayo imawonongekanso.

Silivu yofinya ija uzivalabe ngakhale kutenthe, ambiri amavalabe ndi pambuyo pa opaleshoni pomwe. Uzisamba ndi sopo, kupukuta bwino pakati pa zala, kudzola mafuta khungu lisang'ambike, pogona mkono pa pilo. Ukaona wafiira, ukutentha, iwe ukunjenjemera, kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuche.

Akakuyeza upemphe zithunzizo unditumizire pa WhatsApp usanasaine chilichonse. Abambo ako akuti ndalama zikaperewera unene, agulitsa matumba ena a mpunga. Moni kwa Aphiri ndi ana.

Ndine mayi ako