Kalata yochokera ku Cape Town

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kuno ndili bwino ndithu. Ndalemba kalatayi pofuna kukufotokozerani bwinobwino za kusamuka kwanga kuchoka ku Johannesburg kubwera ku Cape Town, chifukwa pa foni timalankhula mothamanga, pomwe nkhani ya mng'ono wanga amene akufuna kunditsatira ikufunika kuti muikambirane mutakhala pansi.

Chimene chinandisamutsa ndi ntchito ya zomangamanga, yomwe kuno ikupezeka kwambiri kaamba koti mzindawu ukukula mofulumira. Kalembera wa 2011 anapeza kuti muli anthu pafupifupi 3.7 miliyoni, koma pofika 2022 chiwerengerocho chinali chitapitirira 4.7 miliyoni. Ambiri amachokera ku chigawo cha Eastern Cape, ena akusamuka ku chigawo cha Gauteng kumene kuli Johannesburg, ndiye palinso ife ochokera m'maiko ena, ndipo aliyense akufuna pogona. Kuchokera ku Johannesburg pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 pa msewu wa N1, kudzera ku Bloemfontein ndi dera louma la Karoo, ndipo chakumapeto msewuwo umalowa m'mimba mwa phiri pa Huguenot Tunnel, njira yotalika makilomita pafupifupi 4 imene anaitsegula mu 1988.

Phiri limene mumaliona pa zithunzi zimene ndinatumiza ndi Table Mountain, lotalika mamita oposa 1,080, ndipo m'mbali mwake muli Devil's Peak ndi Lion's Head. Ndi lokongola zedi, koma ndikufuna mudziwe kuti phiri lomwelo ndi limene limalamula kumene munthu angakhale ndiponso ndalama zimene angatsale nazo pakutha pa mwezi. Mzinda wakale unapanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, ndipo phirilo ndi malo otetezedwa ndi boma kotero kuti palibe amene angamangepo. Malo ochepa otsala m'munsi mwake ndi okwera mtengo kwambiri, moti ife timangopitako kukamanga nyumba za anthu ena, madzulo n'kubwerera. Mzindawu ukamakula umafalikira kum'mawa, ku chigwa chamchenga cha Cape Flats, ndiponso kumpoto m'mbali mwa nyanja.

Sikuti zinangochitika zokha ayi. Pa nthawi ya tsankho, lamulo la Group Areas Act la 1950 linagawa malo potengera khungu, ndipo mu 1966 dera la District Six, lomwe lili m'munsi mwenimweni mwa phiri, linalengezedwa kuti ndi la azungu okha. Anthu oposa 60,000 anachotsedwa mmenemo n'kukatayidwa ku Cape Flats. Khayelitsha, kumene kukukhala anthu ochuluka kwambiri lero, anaikhazikitsa mu 1983 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa mzinda. Malamulowo anatha, koma mtundawo ulipobe, ndipo amene amaulipira tsiku ndi tsiku ndi wantchito. Ine ndimadzuka kukadali mdima kuti ndikafike pa ntchito nthawi yabwino, ndipo gawo lalikulu la malipiro anga limathera m'maminibasi. Mabasi a MyCiTi ndi abwino koma safika paliponse, pomwe sitima zapamtunda zolowera ku Khayelitsha zinaima kwa nthawi yaitali kuyambira kumapeto kwa 2019 chifukwa cha kuba kwa mawaya ndi kuonongeka kwa njanji.

Nyengo ya kuno ndi imene mng'ono wanga ayenera kuimvetsa kwambiri. Mvula imagwa m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira June mpaka August, ndipo imabwera ndi mphepo yochokera m'nyanja imene imalowa mpaka m'mafupa. Ku Cape Flats madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri, choncho mvula ikagwa masiku angapo motsatizana, madzi amatulukira pansi m'mikuku, zomwe ndi zisakasa za malata, zofunda n'kunyowa, ana n'kuyamba chifuwa. Kwa munthu wa ganyu, tsiku la mvula ndi tsiku lopanda malipiro. M'chilimwe kumakhala kouma, koma kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imayala mtambo woyera pamwamba pa phiri ngati nsalu ya pa tebulo. Alendo amajambula mtambowo mokondwa, koma kwa ife mphepoyo imaimitsa makina okwezera katundu pamwamba ndipo imakoleza moto. Mu March 2017 moto unapsereza mikuku yambirimbiri ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay, n'kusiya anthu zikwizikwi opanda pokhala, ndipo mu April 2021 moto wochokera m'phiri unafika ku University of Cape Town n'kutentha mbali ya laibulale yake. N'chifukwa chake ndinalimbikira kupeza chipinda cha njerwa ngakhale lendi yake ndi yowawa, ndipo pa ichi sindibwerera m'mbuyo.

Madzi akumwa nawonso amachokera m'mapiri, makamaka a kum'mawa kwa mzinda kumene kuli damu lalikulu la Theewaterskloof. Chilala cha 2015 mpaka 2018 chinatsala pang'ono kuumitsa mipope yonse, ndipo kuyambira February 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Amene analipo nthawi imeneyo mpaka lero sataya madzi osambira asanawagwiritsenso ntchito ina, ndipo ndikuona kuti akuchita bwino, chifukwa anthu akuchulukirachulukira pomwe mvula sikuti ikuonjezereka.

Tsono pa nkhani ya mng'ono wanga, maganizo anga ndi akuti asabwere panopa. Ayambe watsiriza maphunziro ake a zowotcherera ndipo atenge satifiketi yake, chifukwa kuno munthu wa luso la m'manja amafunidwa, pomwe amene alibe luso amaima m'mbali mwa msewu m'mawa uliwonse kudikira galimoto yofuna anthu a ganyu, nthawi zina n'kubwerera chimanjamanja. Akhalenso ndi pasipoti ndi chilolezo chogwirira ntchito, popeza wopanda mapepala amalipidwa mochepa ndipo akaponderezedwa alibe kokadandaula. Ngati zonsezi zitatheka, afike chakumapeto kwa September kapena mu October, pamene mvula yachepa ndipo ntchito zikutseguka. M'mahotela ndi m'malo odyera amalemba anthu ambiri pokonzekera alendo a December, ndipo kuyambira January mpaka March kumakhala kukolola mphesa ku Stellenbosch ndi ku Paarl. Akumbukire kuti ntchito zomanga zimatsekedwa pakati pa December mpaka kumayambiriro kwa January, choncho asadzafike nthawi imeneyo akudalira ntchito ya zomangamanga. Ayambenso kuzolowera Chingerezi chake, chifukwa kuno anthu ambiri amalankhula Afrikaans ndi Xhosa, ndipo ngakhale Chizulu chimene ndinaphunzira ku Johannesburg chimangondithandiza pang'ono.

Ndikupempheni kuti mundilezere mtima pa ndalama zimene ndimatumiza, chifukwa zichepako kwa miyezi ingapo. Mwini nyumba anafuna ndalama ya chikole pamodzi ndi lendi ya mwezi woyamba, ndipo ndinayenera kugula zofunda ndi jekete lochindikala nyengo yozizira isanafike. Za mankhwala a Mayi zokha sindidumphitsa mwezi. Mukakambirana ndi amalume za mnyamatayo, mundidziwitse chimene mwagwirizana kuti ndiyambe kufunsira kwa abwana ngati angadzakhale ndi malo a wowotcherera.

Mundiperekere moni kwa agogo, kwa alongo anga ndi kwa ana onse.

Ine mwana wanu.