Posankha akulu a mpingo tisamayang'ane galimoto

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa momwe timasankhira atsogoleri m'mipingo yathu. Dzina la munthu likatchulidwa kuti akhale mkulu wa mpingo kapena mtumiki, anthu amayamba kunong'onezana kuti amagwira ntchito yanji, ali ndi galimoto kodi, pa Paper Sunday amaponya zingati. Za mtima wake palibe amafunsa. Chonsecho Paulo pa 1 Timoteo 3 anatchula zoyenera kuyang'ana: akhale wodziletsa, wochereza alendo, wofatsa, wosakonda ndalama, woyendetsa bwino banja lake, ndipo asakhale wongotembenuka kumene kuopa kuti angadzitukumule. Za kulemera kwa thumba sanatchulepo.

Amene akufuna kudziwa mtsogoleri wotumikira apite pamaliro. Akamwalira munthu wachuma, abusa amabwera angapo, mpaka kulimbirana woti alalikire. Akamwalira gogo wamasiye amene ankapereka K200 Lamulungu lililonse, mumva kuti abusa atanganidwa, ayendetse mwambo ndi mkulu wa dera. Amayi a mpingo agona pasiwa usiku wonse akuimba, adzukulu alawirira kumanda ndi makasu, koma nkhuku ikaphikidwa imapita m'nyumba momwe mwakhala akuluakulu amene afika dzuwa litakwera kale. Yesu pa Yohane 13 anavula chovala chake chakunja, namanga nsalu m'chiuno, nasambitsa mapazi a ophunzira ake, Yudasi ali pomwepo. Papa Francis atangosankhidwa mu 2013, pa Lachinayi Loyera anapita kundende ya achinyamata ya Casal del Marmo ku Rome kukasambitsa mapazi a akaidi 12, ena mwa iwo atsikana. Ena anang'ung'udza nazo, koma ndi ndani anganene kuti sanamve uthengawo?

Khalidwe limene ndikuona kuti lasowa kwambiri ndi kulola kudzudzulidwa. Masiku ano ukafunsa za ndalama zomangira tchalitchi, akuyankha ndi Masalimo 105:15, ati usakhudze odzozedwa a Mulungu. Aliyense wowerenga salimo lonselo aona kuti likunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene ankayendayenda pakati pa mafumu achilendo, osati za munthu amene wafunsidwa malisiti a simenti. Petro, mtumwi wamkulu uja, anadzudzulidwa ndi Paulo pamaso pa anthu ku Antiokeya chifukwa chosiya kudya ndi akhristu a mitundu ina, ndipo mpingo sunagawike chifukwa cha zimenezo. Paulo mwiniwake, ponyamula chopereka cha osauka a ku Yerusalemu, sanafune kuyenda nacho yekha. Pa 2 Akorinto 8 akufotokoza kuti mipingo inasankha m'bale woti ayende naye, kuti pasapezeke womunena pa ndalamazo. Ngati Paulo anafuna mboni, m'busa wa lero akwiyiranji msungichuma akapempha kuti anthu awiri aziwerengera limodzi chopereka? Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pali ena amaganiza kuti kudzichepetsa ndi mantha. Ayi. Pa 8 March 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula malipiro ochepa a anthu osauka, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi kutseka anthu pakamwa. Nthawi imeneyo kungonena zoona kunali kuika khosi pampeni. Maepiskopi, kuphatikizapo Arkiepiskopi James Chiona, anaitanidwa ndi apolisi, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Iwo sankafuna mpando wa boma. Anamva kulira kwa anthu awo n'kulankhula, ndipo patangopita chaka ndi miyezi itatu, pa 14 June 1993, Amalawi anavotera zipani zambiri. Yerekezani ndi atsogoleri ena a lero amene akalandira envulopu pa msonkhano wa ndale, lilime limauma.

Koma tisangoloza chala abusa okha. Ifeyo akhristu ndi amene timawaononga. Timawanyamulira Baibulo ngati alibe manja, timagwada polankhula nawo, mnyamata wazaka 25 timamutchula Papa, kenako timadabwa akayamba kutilamula ngati antchito ake.

Pempho langa n'lakuti chisankho chisanachitike, mayina aperekedwe kumadera ndi kumiphakati, ndipo afunsidwe amayi amene amaphika pamaliro, achinyamata a kwaya, ndi oyandikana nyumba ndi munthuyo. Iwowa amadziwa amene amafika kuchipatala wodwala akagonekedwa, amene amabweza ngongole, ndi amene mkazi wake amalira usiku. Komanso lipoti la chuma liziwerengedwa pamaso pa mpingo wonse miyezi itatu iliyonse, ndipo wofunsa funso asamaitanidwe kubwalo la mpingo ngati wachimwa.

Mkhristu wodandaula,
Dedza