Kalata yopita ku South Bend: za thumba la ana athu a Fomu 4

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana nonse muli bwino kumeneko. Ife kuno ku Dedza tadzuka, kungoti chisanu chayamba msanga chaka chino, ndipo mukudziwa kuti mawondo anga ndi mphepo ya ku phiri sizimvana. Uthenga wanu wautali wa pa WhatsApp uja ndinaumvera mpaka kumapeto. Ndasankha kuyankha polemba chifukwa nkhaniyi ndi ya ndalama, komanso ndikufuna mukawawerengere anzathu amene mumakumana nawo kutchalitchi ku Indiana, amve zochokera kwa msungichuma mwini wake.

Poyamba ndithokoze. Komiti inakondwa kumva kuti ana a kuno amene muli kunja mukufuna kuikapo dzanja pa thumba lathu. Maganizo anu ndinawafikitsa monga munanenera: kuti chaka chilichonse mwana amene wakhoza bwino kuposa onse pa CDSS yathu azilandira mphoto imodzi yaikulu pamwambo, pamaso pa mafumu ndi makolo, n'kujambulitsa kuti opereka aone kumene ndalama yawo yapita. Ena m'komiti anaomba m'manja. Ine ndinapempha kuti ndikulembereni kaye, chifukwa ndikuona mosiyana.

Za ku Kalamazoo, mzinda wa ku Michigan, zimene munatchula, mwana wanga anandifufuzira pa foni ndipo ndinachita nazo chidwi. Kuti mu 2005 anthu achuma osafuna kutchulidwa mayina analonjeza kulipirira koleji ana omaliza sukulu za boma za mumzindawo, amene anaphunzira momwemo kuyambira ku mkaka fizi yonse, amene analowa mochedwa gawo lake, ndi chinthu chachikulu. Koma kumeneko kuli anthu a matumba akuya. Kuno wolemera wathu ndi wa chigayo chimodzi ndi lole yakale. Nkhani imene inandikhudza kwambiri ndi ina imene tinaipeza pofufuzapo, ya dokotala wa maso Irving Fradkin wa ku Fall River, Massachusetts, amene mu 1958 anapempha anthu a m'tauni yake kuti aliyense apereke dola imodzi yothandizira ana kupita ku koleji. Ameneyo ndiye ndinamumvetsa, chifukwa ndi mmene ifenso timasonkhera: wina ndowa ya soya, wina mtedza, wina thumba la kachewere, amayi a banki mkhonde kachigawo ka phindu akamagawana mu December.

Tsono thumba losonkhedwa ndi ndowa silingapikisane ndi boma pa nkhani ya fizi, ndipo lisayese n'komwe. Munachoka kuno zinthu zisanasinthe, ndiye ndikufotokozereni. Kuyambira 2015 kuli bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu za ukachenjede, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, ana amangoti Loans Board. Mwana wosowa akachita mwayi, bungweli limamulipirira fizi molunjika kusukulu, n'kumupatsako ina yodyera ndi yogulira zofunika pa maphunziro, adzabweze akamaliza. Si onse opempha amene amapatsidwa, koma ambiri a ana athu akuphunzira ndi ngongole imeneyi. Chimene anthu akutali sachiona n'chakuti ndalama ya ngongole sipeza mwana kumudzi. Imamupeza ali kale pasukulu. Pakati pa khomo la amayi ake ndi geti la yunivesite pali mtunda, ndipo ana athu ambiri amagwera pamtunda umenewo.

Tawerengani nane. Zotsatira za MSCE zikatuluka, mwana ayenera kufunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo masiku ano zimenezi zimachitika pa intaneti: pafunika foni yabwino, bandulo, ndi ndalama yolipirira fomuyo. Akasankhidwa, pakubwera fomu ya ngongole, chiphaso cha unzika, kutsegula akaunti ku banki, kuyenda maulendo a pa boma kukadinditsa mapepala. Kuchokera kwathu kuno, ulendo uliwonse ndi kabaza kenako minibasi, kupita ndi kubwera. Zonsezi zisanathe, kalata yasukulu yafika ndi tsiku lotsegulira. Malo ogona a pasukulu sakwanira onse, ndiye wa ku Zomba akafune kachipinda ku Chikanda, wa ku Mzuni ku Luwinga, wa ku MUST cha ku Goliati, wa ku Bunda midzi yozungulira mpaka ku Mitundu, ndipo eni nyumba amafuna lendi yoyambirira mwana asanaike chikwama pansi. Palibe chinthu chimodzi mwa izi chimene n'chachikulu kwa inu. Kwa mayi amene amadya za ganyu kuyambira November, chilichonse ndi khoma.

Chaka chatha tinaperekeza mtsikana wina amene anasankhidwa ku University of Malawi. Amasiye, wolera ndi agogo ake. Ndinaima pa siteji kuyang'ana katundu wake akukwezedwa: matiresi opyapyala okulungidwa ndi chingwe cha thayala, ndowa ya pulasitiki m'kati mwake muli mapoto awiri ndi mthiko, mbaula, kathumba ka ufa, nyemba zomangidwa m'chitenje, ndi chikwama chimene anabwereka kwa aphunzitsi ake a Biology. Pa zonsezi thumba lathu linagula matiresi ndi mbaula, linalipira thiransipoti ndi lendi ya miyezi yoyamba, linamupezeranso foni yogwiritsidwapo kale ntchito. Agogo ake anaonjezera ndalama ya nkhuku ziwiri, atainyongolotsa pa nsonga ya chitenje, ndipo anakana kuti tiwabwezere. Ndalama yonse tikaphatikiza, sinafike ngakhale theka la mphoto imene inu mukuganiza. Mtsikanayo pano akumaliza chaka choyamba. Chikhala kuti tinasunga ndalamayo kudikira mwambo ndi wojambula, bwenzi atasungitsa malo ake, ndipo tonse tikudziwa kuti mtsikana wa kumudzi akasungitsa malo chaka chimodzi, kawirikawiri chaka chachiwiri chimamupeza pabanja.

Nkhani ya kusankha ndi mapointsi okha nayonso ndikuikayikira. Mukukumbukira kuti amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, ndipo wochepa mapointsi ndiye katswiri. Pa sukulu ngati yathu, amene amatsogola nthawi zambiri ndi mwana amene kwawo kuli sola yowerengera usiku, njinga, ndi ndalama ya maphunziro apadera a patchuthi. Sindikumuchitira nsanje, wagwira ntchito. Koma ameneyo akasankhidwa, bambo ake agulitsa ng'ombe ndipo apita basi. Amene ndimamuganizira ine ndi uja wotsatira pambuyo pake ndi mapointsi atatu kapena anayi, amene ankawerenga ndi tochi ya foni ya mnzake, m'mawa kuthirira kudimba kaye. Chichotsereni kota mu 2020, ndondomeko ija yogawa malo a ku yunivesite potengera boma lochokera, mwana wa CDSS yopanda labotale akupikisana maso ndi maso ndi wa ku Dedza Government kapena ku Likuni. Amene wadutsa pa mpikisano wotere, kaya ndi mapointsi angati, wationetsa kale kuti mutu ulipo. Chotsala n'kufunsa kuti ndani sangafike popanda ife.

Funso limenelo silingayankhidwe ndi fomu, ndipo apa ndi pamene thumba la pamudzi limaposa ofesi iliyonse ya mumzinda. Pa pepala mwana aliyense ndi wosauka. Ife timapita kunyumba. Timaona denga, timasuzumira m'nkhokwe, timafunsa anansi. Pa msonkhano wina, titatsala pang'ono kuvomereza mnyamata wina amene kalata yake inatiliza tonse, mayi wina wa m'komiti, amene salankhulalankhula, anangoti, “Kodi amalume ake si aja agula minibasi yachiwiri?” Tinakhala chete. Kenako tinatuma akuluakulu awiri kukacheza ndi amalumewo, mwaulemu wake, ndipo anavomera kumutenga mphwawo. Ndalama ija inapita kwa wina amene analibe amalume a minibasi. Kudziwana kumeneku kuli ndi minga yake, musaganize kuti ayi. Aliyense ndi mbale wa wina. Pakabwera dzina la mdzukulu wa amfumu kapena mwana wa mkulu wa mpingo, m'chipinda mumatentha. Lamulo lathu n'lakuti wachibale atuluke panja dzinalo likamakambidwa, ndipo ine ndemwe ndinakhalapo pansi pa mtengo kudikira kuti anditane.

Chinanso: anthu akamva za basale amaganiza za yunivesite basi, ma gauni ndi zipewa zija. Ife tinagwirizana kuti tisamayang'ane kumeneko kokha. Mtsikana wopita ku St Joseph's ku Bembeke kukaphunzira uphunzitsi, mnyamata wopita ku Namitete kukaphunzira ukalipentala kapena zomangamanga, wina wa unamwino ku Nkhoma, wina wa za nkhalango ku Chongoni pompano, onsewa amafuna matiresi ndi thiransipoti yomweyo. Ndinene mosabisa, amene amabwerera msanga kudzathandiza kwawo ndi amenewa. Wa digiri amatha zaka akuyenda ndi envulopu mu Lilongwe.

Tsopano chimene chimandisowetsa tulo. Kutumiza mwana n'kosavuta poyerekeza ndi kumusunga kumeneko. Chaka choyamba aliyense amasangalala, mpingo umasonkha, ngakhale a ku msika amaponyapo kangachepe. Pofika chaka chachitatu dzina lake laiwalika, pabwera ena atsopano, koma lendi yakwera, makala akwera, ndipo aphunzitsi akufuna ntchito yolembedwa pa kompyuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imene tinawerengera kuti ikwana chaka chonse inatha miyezi isanakwane. Mnyamata wina anatiimbira kuti akudya kamodzi patsiku ndipo wayamba kuganiza za katapila. Za atsikana sindilemba zambiri, mukudziwa nokha kuti m'tauni muli azibambo a magalimoto amene amadziwa bwino mwezi umene ana a sukulu ndalama zawathera. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti tisatenge mwana watsopano ngati sitikuona mmene tidzamuperekezere mpaka kumaliza. Ulendo wapitawu tinakana ana abwino ndithu pa chifukwa chimenechi, ndipo mayi wa mmodzi wa iwo sandipatsabe moni kumsika. Mphoto ya kamodzi ilibe mavuto otere, imaperekedwa lero, mawa aliyense kwawo. Koma mwana wosiyira pa chaka chachitatu amabwerera kumudzi ndi ngongole ya boma, wopanda pepala, ndipo ang'onoang'ono amene amamuyang'ana amaphunzirapo zolakwika.

Munafunsa mwaulemu, mozungulira, za kasungidwe ka ndalama. Musachite manyazi, funsani molunjika, pakuti mathumba ambiri afa ndi msungichuma. Yathu ili ku banki, osaina tilipo atatu, ndipo sipatuluka kanthu popanda awiri. Lendi timatumiza kwa mwini nyumba pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wotsimikiza n'kuukopera m'kaundula. Mwana timamupatsa m'manja ya chakudya yokha, mwezi ndi mwezi, ndipo pakutha pa semesita amatitumizira zotsatira zake. Kaundulayo amawerengedwa poyera pa msonkhano wa makolo. Soya ndi mtedza zimene anthu amapereka sitigulitsa kwa mavenda nthawi yokolola mitengo ili pansi, timasunga m'sitolo ya pasukulu mpaka mtengo utadzuka. A ndale amabwera, makamaka chaka cha chisankho, ndi envulopu ndi gulu loimba. Envulopu timalandira ndi manja awiri ndipo timalemba lisiti. Koma kuti thumba litchedwe dzina lawo, kapena atipatse mndandanda wa ana awo, pamenepo timakana, ngakhale envulopu ibwerere.

Pali mkangano umodzi umene sunathe, ndipo mwina inu mungatithandize maganizo. Ena akuti ana amene tawathandiza azidzabweza ndalamayo akayamba ntchito, kuti thumba lizizungulira ngati chipereganyu. Ine ndikuti mwana amene ali kale ndi ngongole ya Loans Board, azing'ono ake akumuyang'ana, tisamusenzetse ina. Chimene timapempha pano n'chakuti pa tchuthi abwere adzaphunzitse a Fomu 3 ndi Fomu 4 masamu ndi sayansi, adzawathandizenso kudzaza mafomu a pa intaneti aja. Zikuchitika ndithu. August wathayu kalasi inadzaza mpaka ena kukhala pa mawindo, kumvera mnzawo amene dzana lomweli ankasenza nawo madzi akufotokoza za ma labotale a ku MUST. Wapampando akuti zimenezo n'zabwino koma sizilipira lendi ku Chikanda, ndipo pamenepo sindingamutsutse.

Tsono pempho langa ndi ili. M'malo mwa mphoto imodzi yaikulu, kambiranani kumeneko ngati mungalonjeze ndalama yodziwika, ngakhale yochepa, yobwera kawiri pachaka kwa zaka zinayi, kuti tikamauza mwana kuti pita tizidziwa chimene tikunena. Muilonjeze m'madola, kuti kwacha ikagwedezekanso mwana asagwe nayo. Ngati pali malaputopu akale amene ana anu anasiya, ogwira ntchito bwino ndi machaja ake, patsirani aliyense wobwera kumudzi pa Khrisimasi. Zithunzi mudzalandira, koma za mwana amene wavomera yekha, chifukwa ena sakonda kuti umphawi wawo uziyenda m'mafoni a anthu. Ndipo ngati anzathuwo akufunabe kuti wokhoza kuposa onse azilandira kanthu, dikishonale ndi chikwama pa tsiku lotsekera sukulu sindingatsutse.

Komiti ikumananso soya akagulitsidwa, ndiye yankho lanu litapezeka isanafike nthawi imeneyo zingatithandize kudziwa kuti chaka chino titenga angati. Nyumba ya amayi anu ndinadutsako sabata yatha, malata a kukhitchini aja anakhomedwa. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kalekale,
Msungichuma wosalandira malipiro uja